Khoma la ba Chanda

Mkazi wanga akuti ndisiye kuifotokoza nkhaniyi chifukwa imanditsitsa ulemu. Ine ndimati ulemuwo unatsika kalekale, tsiku lija ndinatsika masitepe a ku Kabwata mothamanga, tayi ili paphewa, tepi yopimira zovala ikukwekwereka pambuyo. Chatsala n'chiyani choti nditeteze? Koma kuthamangako si kumene kumandiwawa. Tiyeni ndiyambire poyambira.

Nyumba imene ndimachitamo lendi ili m'kati mwa tauni, kuseri kwa msewu waukulu ukamalowera ku City Market. Ndi imodzi mwa zakale zija zimene zinamangidwa Lusaka akadali katauni ka m'mbali mwa njanji, ngolo za ng'ombe zikuima pakhomo. Makoma ake ndi ochindikala moti ngakhale mu Okutobala m'katimo mumakhala kayeziyezi. Khonde lake ndi la mizati yachitsulo, ndipo masitepe a matabwa amalira aliyense akaponda, ngakhale mphaka. Pamwamba pa khomo panalembedwa chaka chimene inamangidwa, koma manambala awiri anagwa ndi mvula, tsono aliyense amangotchula chaka chimene wakonda. Mwini wake sitimuona kawirikawiri. Tilimo alendi angapo: wokonza mawotchi, mayi wogulitsa mawigi, wojambula zithunzi za ziphaso, telala, ndi ine.

Ine ndinalowamo nditapuma pa ntchito. Zaka makumi atatu ndinali kalaliki wosunga mafayilo mu ofesi ina ku Longacres, ndipo ndimanyadira kuti fayilo sinasowepo m'manja mwanga (zimene zinkasowa, zinkasowa ine ndili pa tchuthi). Ndinatenga kachipinda kam'mwamba kolemberamo anthu makalata ndi kuwadzazira mafomu. Anzanga a m'nyumbamo sanavutike kufunsa dzina langa, anangonditcha ba Kalaliki. Vuto langa ndi limodzi, ndipo ndikulivomera: sindikhala pamtendere ndi chinthu chosalongosoka. Pepala likapendekeka patebulo la munthu wina, dzanja langa limapita lokha kukaliwongola.

Telala uja ndi ba Chanda, mdala wochokera ku Luapula amene anafika mu Lusaka ndevu zisanamere. Alibe chipinda. Malo ake ndi kanjira ka m'kati, pansi pa masitepe, pomwe makina ake opalasa ndi mwendo akhala zaka zoposa makumi anayi. Ndi munthu wosalankhulalankhula, pensulo kukhutu, tepi m'khosi. Kumbuyo kwake kunali khoma la laimu lodzaza ndi zolembalemba za pensulo, kuyambira m'mawondo mpaka pomwe dzanja la munthu limafika. Manambala, mizere, timawu tokhotakhota, zina zozilala, zina zakuda bii. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo, ndipo sindinaimepo ngakhale kamodzi kuti ndiwerenge. Ndinkangoona litsiro. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya anthu obetcha mpira amene amasowa pepala, ndipo ndinkamumvera chisoni mdalayo kuti akugwira ntchito pamalo onyansa chotere osadandaula.

Ndiye ndinaganiza zomuchitira chifundo. Kufunsa sindinafunse, chifukwa ndinkafuna kumudabwitsa.

Loweruka nyumbayo imatsekedwa masana, koma ine ndili ndi kiyi wa chitseko chachikulu. Ndinagula chitini cha penti ya mafuta, yoyera, yonyezimira, ndi bulashi yaikulu. Mkazi wanga ataona ndikunyamula ovolosi yakale anandifunsa kumene ndikupita, ndipo ndinamufotokozera mwachimwemwe.

"Mwabauza ba Chanda?" anatero.

"Mphatso salengeza."

"Imwe, khoma ija si yanu. Mukafunse kaye."

Ndinamuyankha monga amayankhira amuna ambiri akamauzidwa zoona, kuti iye za tauni sazidziwa. Ndinapaka Loweruka masana onse mpaka dzuwa kupendeka. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinabwererakonso kukapaka kachiwiri (inde, ine mkulu wa mpingo, pa tsiku la Sabata), chifukwa manambala ena amakani ankaonekerabe pansi pa penti yoyamba ija. Ndinawakwirira bwinobwino mmodzimmodzi, ndikuimba nyimbo ya m'buku.

Lolemba ndinalawirira. Ndinaima pamasitepe ngati ndikufuna kanthu m'thumba, koma zoona zake ndinkadikira kuthokozedwa. Ba Chanda analowa, anavula chipewa, n'kuima. Anaima nthawi yaitali ndithu.

"Shani, ba Chanda?" ndinamulonjera m'chilankhulo cha kwawo. "Mwaona mmene pawalira?"

Anayandikira khomalo n'kuikapo chikhatho. Pentiyo inali isanaumitsitse, ndipo atachotsa dzanja panatsala chidindo cha zala zisanu.

"Nindani wachita ivi?"

"Ndine. Musavutike n'kuyamika, ndife amodzi."

"Ba Kalaliki," anatero motsitsa mawu, "buku yanga mwaipeleka kuti?"

"Buku iti?"

"Iyi khoma ndiye buku. Aliyense wamene ninamupima kuchokela pamene ninabwela muno enze apa. Mapewa, chifuwa, chiuno, utali. Manje mwabakwilila bonse."

Ine amene ndinkakalipira anthu akapinda ngodya ya pepala la m'fayilo, ndinali nditafufuta zolemba za zaka makumi anayi m'masiku awiri, ndipo ndinachita kubwereza kuti pasatsale kanthu. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa munthu wokalipa umamuyankha. Iye anangokhala pampando wake n'kuloza mtolo wa nsalu umene unali patebulo.

Apa m'pamene ndinamva kukula kwa mlandu wanga. Mtolowo unali chitenje cha madiresi asanu ndi limodzi a chilanga mulilo, mwambo uja achibale a mkwatibwi amasenza zakudya kupita nazo kwa mkwati, amayi onse atavala chitenje chofanana. Mwambowo unali Loweruka la sabata yomweyo. Mayi a mkwatibwi, bana Mwansa a ku Kabulonga, anali atasoketsa kwa ba Chanda zaka zambiri, ndipo ndi iwo amene ankamubweretsera abale awo ndi anzawo. Amayi asanu ndi mmodziwo anali atabwera kale mmodzimmodzi kudzapimidwa, manambala awo n'kulembedwa pakhoma. Nsaluyo inachita kuitanitsidwa kutali, ndipo inalibe yotsala. Akadula molakwa, nsalu yapita, dzina lapita, ndipo matelala achinyamata a ku City Market akungodikira makasitomala otere.

Ndinayamba ndi lumo. Ndinapala pakona pang'onopang'ono, koma penti inkachoka limodzi ndi laimu, laimu limodzi ndi pensulo. Wokonza mawotchi anandibwereka kagalasi kake kokulitsa zinthu, ndipo chimene ndinaona ndi tsitsi la bulashi yanga lomatirira. Mayi wa mawigi anati tiyese palafini. Tinayesa, panangotuluka chibanga chotuwa ndi fungo limene linathamangitsa makasitomala a wojambula zithunzi mpaka masana.

"Koma simukuwakumbukira amayiwo?" ndinafunsa.

"Maso yakumbukila muntu," anatero ba Chanda, "koma sizasi ifuna namba."

Ba Chanda anaimbira foni bana Mwansa. Ndinatchera khutu, koma dzina langa sanalitchule. Anangoti pachitika ngozi yaing'ono ndipo manambala atayika. Yankho linali loti amayiwo sangabwerenso m'tauni sabata ya mwambo, aliyense ali ndi zophika ndi zogula zake, ndiye telala awatsate kunyumba zawo. Ba Chanda mawondo ake salolanso zokwera ndi kutsika minibasi, komanso ankayenera kukhala pamakina kuti nambala ikangofika ayambe kudula. Anandiyang'ana. Kenaka anavula tepi m'khosi mwake n'kuikoleka m'khosi mwanga.

"Mwapaka imwe. Mukapime imwe."

Anandiphunzitsa mphindi zochepa, tikuyesera pa wokonza mawotchi, amene anapezeka kuti ndi munthu wosachedwa kugirigishika. Maphunziro anga onse a utelala anathera pomwepo.

Lachiwiri ndinayamba ndi awiri a ku Chelstone, kufupi ndi kwathu. Woyamba anali mphunzitsi wopuma, mayi wa thupi ndithu, amene anandilandira ndi kapu ya madzi ndi maso okayika. Ine chibadwire sindinazungulizepo chingwe m'chiuno mwa mkazi wa mwini. Ndinaima patali, manja atatambasuka, maso ali kudenga, thukuta likutsika m'kolala.

"Ba mudala," anatero mayiyo, "mupima ine olo mupima mphepo? Senderani pafupi, sinilumako."

Ndinapima onse awiri, manambala n'kuwalemba mwaukhondo m'mizere yojambula ndi lula, ndipo ndinafika nawo kwa ba Chanda ndikudzimva kuti ntchitoyi anthu amangoikokomeza. Anavala magalasi n'kuwerenga.

"Chiuno handiredi na folo? Aba ni amai olo ni dilamu?"

Tepi ija, abale anga, ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi ya mainchesi, imene ba Chanda amagwiritsa ntchito, ina ndi ya masentimita. Ndinati palibe vuto, ndine munthu wa masamu, ndisintha pompano. Koma titayang'anitsitsa tinapeza kuti tepiyo inkapotoka m'manja mwanga monjenjemera, moti mapewa ndinawerenga mbali ina, chifuwa mbali ina. Malinga ndi pepala langa, mphunzitsi uja anali ndi mapewa a mwana wa sukulu ndi mikono yofika pansi. Ndinakweranso basi kubwerera ku Chelstone. Mayiyo atandiona pageti anaitana mnzake woyandikana naye kuti adzaonerere.

Lachitatu ndi limene ndatchula poyamba lija. Azakhali a mkwatibwi amakhala m'nyumba zosanja za ku Kabwata, pamwamba penipeni. Anali mayi wansangala, ndipo zinthu zinkayenda bwino. Ndinali nditagwada pansi kupima kuchokera m'chiuno kufika m'kakolo, pensulo ili kukamwa, pamene chitseko chinatseguka n'kulowa mwamuna wake, chimunthu chodzaza khomo, atanyamula thumba la makala. Palibe amene anali atamuuza za ine.

"Iwe mudala! Ufuna chani ku mendo ya mukazi wanga?"

Ndinayesa kuyankha, koma pensulo inali ikadali kukamwa, ndipo chimene chinatuluka sichinali chilankhulo chilichonse. Nditailavula ndinati ndatumidwa ndi telala.

"Telala wa jekete na tayi? Makina yako ili kuti?"

Munthu yekhayo amene akanandipulumutsa anali mkazi wakeyo, koma iye anagwidwa ndi phwete loti sanathe kutulutsa liwu. Anangogwera pampando, misozi ili mbwembwembwe, akuloza ine, akuloza mwamuna wake. Mwamunayo anatula makala. Sindinadikire kuti ndione chimene manja opanda katunduwo akufuna kuchita. Masitepe amene ndinakwera ndikupumira panjira ndinawatsika osawawerenga, ndipo mawondo anga sanandikhululukirebe mpaka lero. Pansi penipeni ndinangoti gululu pamaso pa mayi wina wa chigwirizano cha kumpingo kwathu, amene ankagula tomato.

"Akulu a mpingo," anandilonjera, akuyang'ana tepi, akuyang'ana m'mwamba momwe mwamuna uja ankakuwira. "Mwachoma bwanji?"

Nkhaniyo inafika ku Chelstone basi yanga isanafike. Ndinapeza mkazi wanga ataima pageti, manja atapinda pachifuwa.

"Namvela mwayamba utumiki watsopano ku Kabwata," anatero.

Ndinaulula zonse, kuyambira pa chidindo cha zala mpaka pa makala. Ndi mkazi wachifundo, mawu oti "ninakuuzani" anangowanena kanayi kokha. Atatero anandilanda tepi n'kunena kuti mawa tipitira limodzi, iye azipima, ine ndizilemba, popeza kulemba ndiko kokha ndimatha.

Lachinayi tinayamba ndi ku Kabwata komweko. Mwamuna uja anali atamva zoona zake, ndipo anatilandira ndi manyazi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ngakhale potsanzika anandifunsa ngati ndingamupimeko buluku. Ku Woodlands kunali awiri, mtsikana ndi mayi ake aang'ono. Mayiwo tepi ikangofika m'chiuno ankakoka mpweya n'kuugwira mpaka maso kutong'oka. Mkazi wanga sanakangane nawo, anangoima n'kumadikira.

"Pemani, amai," anatero. "Ku chilanga mulilo muzavina na mpoto pamutu. Mufuna dilesi ikang'ambike pamenso pa apongozi?"

Mpweya unatuluka, nambala yoona inalowa m'pepala.

Tinamalizira ku Kabulonga kwa bana Mwansa, kuseri kwa mpanda wautali ndi agalu awiri amene anandinunkhiza ngati amva mbiri yanga. Mayiwo ali m'kati mopimidwa anafunsa kuti ngozi imene ba Chanda ankanena inali yotani. Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinati ngoziyo ndine, ndipo ndinafotokoza. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iwo sanakalipe.

"Namba ya dilesi yanga ya ukwati yenze pa khoma ija," anatero. "Nikabwela mu tauni nenze kuyamba naiona. Chiuno twente sikisi. Manje nindani azanikhulupilila?"

Anaseka, ifenso tinaseka, koma m'basi pobwerera kuseka kunandithera. Ndinayamba kuganiza za anthu ena onse amene anali pakhomapo: ana amene anasoketsa yunifolomu yoyamba lero ali ndi ana awo, amuna amene anasoketsa suti yofunsira ntchito, ena oti anasamuka, ena oti anatisiya. Nyumba ija anthu amaitama kuti ndi yakale chifukwa cha mizati ndi masitepe, ndipo inenso ndinkaona zomwezo. Mbiri yake yeniyeni ndi imene ndinaipaka penti.

Ba Chanda anasoka osadya masana, makina akulira kuyambira potsegula mpaka potseka. Ine ndinatseka ofesi yanga n'kukhala wositira. Loweruka m'mawa madiresi onse ananyamulidwa, ndipo masana bana Mwansa anatumiza zithunzi pafoni: amayi asanu ndi mmodzi atasenza miphika yokulunga m'nsalu, chitenje chitawakhala bwino. Mkono umodzi wokha wa mphunzitsi wa ku Chelstone ndi umene unkaoneka wautaliko pang'ono, ndipo tonse tinadziwa amene anaupima. Dzina la ba Chanda linapulumuka, ndipo ine ndinapuma mpweya wabwino n'kuganiza kuti mlandu watha.

Lolemba ndinabwera ndi mphatso ina (mukuona kuti sindichedwa kuiwala). Linali buku lalikulu lachikuto cholimba, limene ndinalijambula mizere ndekha: dzina, kumene akhala, mapewa, chifuwa, chiuno, utali. Ndinamuuza ba Chanda kuti asade nkhawa, ine ndi mkazi wanga tiziyenda Loweruka lililonse, tipeza makasitomala ake akale mmodzimmodzi mpaka bukulo lidzale.

"Natotela, ba Kalaliki," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo. Analitsegula, analitseka, n'kuliika pamakina. Kenaka anatembenuka pampando n'kugwira khoma pafupi ndi phewa lake, pamalo amene munthu wokhala pansi amangocheukira.

"Apa penze bana Bwalya. Mukazi wanga."

Ndinawerama n'kuyang'ana pamalopo, koma panali penti yanga yokha.

"Anabwela ali mutsikana, enze kugulitsa mu shopu ya kusogolo. Ninamupima manja yanjenjema monga imwe. Ndiye laini yoyamba. Pansi pake ya ukwati. Pansi pake mimba ya Bwalya, na ya wachibili, na ya wachitatu. Laini yomaliza yenze ing'ono kuchila yoyamba, pamene anadwala." Anasisita pentiyo ndi chala. "Nikamwa tiyi nenze kubelenga kuchoka pamwamba kufika pansi. Uyu simuzamupeza ku Kabwata olo ku Woodlands. Ali ku manda."

Ndinafunsa funso lopusa, chifukwa ndinalibe lina. Ndinati nanga manambalawo sakuwakumbukira, kuti tiwalembe m'buku.

"Nenze kuyaziba chifukwa nenze kuyaona tsiku lililonse," anatero. "Sabata imodzi chabe, yayamba kusokonezeka."

Ndinati pepani. Mawuwo ndawanena kambirimbiri pa moyo wanga, pamaliro ndi pamsewu, koma sanachepepo ngati tsiku limenelo. Ba Chanda anagwedeza mutu, anaika nsalu pansi pa singano, n'kuyamba kupalasa. Sanandisungire chakukhosi, ndipo m'mawa uliwonse amandipatsa moni monga kale. Zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri.

Ndinaphunzirapo kanthu? Pang'ono. Dzanja limayabwabe ndikaona zenera lakuda la wokonza mawotchi, sindinama, koma masiku ano ndimalilowetsa m'thumba n'kufunsa kaye mwini wake. Buku lija ba Chanda akuligwiritsa ntchito, chifukwa pensulo sigwira pa penti ya mafuta. Tsiku lina atapita kukagula ulusi analisiya lotsegula patsamba loyamba, ndipo ndinasuzumira. Pamwamba analemba kuti bana Bwalya. Pansi pake pali manambala atatu. Pamalo a nambala yachinayi analemba, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso, mpaka pepala linabooka.